Munda wa a Damiano ndi Kanema Wanga

Tadala ndi Chisomo, ana anga, amayi anu akuti chipumireni pa ntchito ndasanduka wailesi yopanda pozimitsira, ndiye nkhani zangazi ndizilembe kuti iwo apumitseko makutu. Za ubwana wanga ku Nzama sindilemba, munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazithira mchere kuposa ine. Ndiyambira pa ntchito. Chimene ndikufuna mudziwe kwenikweni ndi chifukwa chake bambo anu, amene anapita kunja kukaphunzira zopanga kanema ali ndi imvi, anabwerako n'kudzakhalanso pa mpando wawo wakale womwewo, osalowa m'makampani a kanema monga anakulonjezerani pokwera basi.

1988

Ntchito yanga yoyamba inali ya pa galimoto ya kanema wa zaulimi. Inali galimoto yaikulu ya zimkuzamawu ziwiri padenga, ndipo tinkayenda nayo mudzi ndi mudzi m'boma lonse la Ntcheu, kuonetsa anthu kapangidwe ka manyowa ndi kasambitsidwe ka ng'ombe ku dibi. Bwana wanga anali a Kamwendo, munthu wamfupi waukhondo, amene ankapukuta makina oonetsera kanema ndi mpango wa m'thumba koma thukuta lawo n'kumalipukuta ndi dzanja. Ine yanga inali kupachika chinsalu pamtengo, kuliza jenereta, ndi kumata filimu ikaduka. Inkaduka kawirikawiri, ndipo nthawi zonse inkasankha pamene ng'ombe yadumphira m'dibi, anthu n'kukuwa kuti, "Mayo, yamira!" Petulo ankasowa, mababu a makinawo ankasowa. Chaka china babu litapsa tinakhala milungu itatu pa Nsipe kudikira lina kuchokera ku Lilongwe, ndipo m'milungu imeneyo ndinkagula nthochi tsiku lililonse kwa mtsikana wina wa pamsewu amene sankaseka nthabwala zanga. Ameneyo ndiye Nambewe, amayi anu. Mpaka lero samaseka.

Anthu akamaonera chinsalu, ine ndinkaonera anthuwo. Kuwala kunkadutsa pamwamba pa mitu yawo, tizilombo touluka tikusewera m'menemo, amayi atayiwala kuti kumsana kuli mwana, madoda atagwira fodya m'manja osanunkha. Ndinkadzifunsa kuti, ngati anthu akuyasamira dzenje la manyowa chonchi, nanga atadzionera okha pachinsalupo? Kuyambira pamenepo m'mutu mwanga munabadwa kanema wangawanga. Ankayamba ndi nkhungu ya m'mapiri a ku Mlangeni ikuyalula pang'onopang'ono m'mawa, maluwa a mbatata ya kachewere akuonekera, oyera ndi ofiirira, mame akadali pamasamba. Chiyambi chimenecho ndinkachidziwa bwino kwambiri. Pakati pake ndi pothera sindinkapadziwa, komanso sizinkandivuta mtima. Ndinkangochionera m'maso tikuyenda pagalimoto, mpaka a Kamwendo n'kundigogoda pabondo.

"Ngozo, maloto sadya petulo, n'chifukwa chake uli nawo ambiri," ankatero. "Tsika ukanyamule jenereta."

1994

Chaka chimenechi ofesi yathu inalandira kamera ya vidiyo, ndipo poti ndinali wamng'ono pa onse, ananditumiza kukaiphunzira kwa milungu isanu ndi umodzi. Ndinabwerako ndikuyenda ngati ndameza ndodo. Tsopano makanema tinkajambula tokha, koma matepi anali ochepa, moti a Kamwendo ankawatsekera m'kabati kiyi n'kumayenda naye m'sokosi. Mlangizi wa ku Mlangeni anatiuza za mlimi wina dzina lake a Damiano Nyoni, amene munda wawo unali pamalo otsetsereka kwambiri koma dothi silinkakokoloka. Anaukonza ndi akalozera, ndiye kuti mizere ikuluikulu yopingasa phiri, udzu wa vetiva m'mizere yake, ndi miyala yotchinga madzi m'zigwembe. Tinapangana kuti tikawajambule kuti alimi ena atengerepo phunziro.

Tinafika mbatata ili pa maluwa. Ana anga, munda umenewo ndinaukonda ndisanamuone mwini wake. Unali munda wa m'maloto anga aja, wosasiyana ngakhale pang'ono. A Damiano anatilandira atavala jekete lakuda lobwereka kwa mphunzitsi, akazi awo atasesa kanjira konse kuchokera kumsewu. Anali munthu wamtali, wa manja akuluakulu, wa maso ofatsa. Chimene mlangizi anaiwala kutiuza n'chakuti anali ndi chibwibwi chachikulu. Nditayatsa kamera ndinati afotokoze za munda wawo. Anayang'ana mbatata yawo, anakweza dzanja, n'kuyamba kuti, "Mu-mu-mu..." Mawu anakakamira pakhosi. Khosi linatupa mitsempha, maso anatsinzina, ndipo ana amene anasonkhana m'mbali anayamba kuphulika nako kuseka. Tinayesa kachiwiri. Tinayesa kachitatu. Nthawi iliyonse wina wa m'gulumo ankawamalizira mawu asanafike pakati, monga anazolowera kuwachitira m'mudzimo.

"Ngozo, tepi ikutha," a Kamwendo anandinong'oneza. "Bambo awa atidyera tepi ya mwezi wathunthu pa liwu limodzi."

Pagulu paja panali a Jelemiya, msuweni wa a Damiano, munthu wa lilime losalala amene ankayendetsa mwambo pa maukwati onse a m'deralo. Ndi amene ankatsogola powamalizira mawu. Nzeru imene inatsatira inali yanga, ndisawanamizire a Kamwendo poti anatisiya. Ndinati, "Bwana, phunziro ndi la akalozera, si la nkhope ya munthu. Bwanji alankhule a Jelemiya, munda ukhale womwewu?" A Kamwendo anandisisita paphewa, akuti tsopano ndayamba kuganiza ngati munthu wa ntchito. Ndinang'amba pepala m'kope langa n'kulemba mawu oti a Jelemiya anene: "Munda wanga uno ndinaupeza uli zigwembe zokhazokha, ndipo ndaukonza ndi manja anga awa." Titawafotokozera a Damiano, sanatsutse. Anavula jekete lija n'kuwaveka a Jelemiya ndi manja awo, poti jeketelo analibwerekera kanema. Anawapatsanso khasu lawo. Tsiku lonse anali kuseri kwa kamera, kuthamangitsa mbuzi kuti zisalowe m'chithunzi. A Jelemiya anabwereza mawu aja kasanu, ulendo uliwonse mokoma kuposa woyamba, ndipo wachisanuwo anagwetsa ndi msozi womwe.

Pochoka, akazi a Damiano anatipatsa thumba la mbatata. Ndinaidya, ndipo inandikomera. Kanema uja anayamikiridwa kwambiri ku likulu, ine anandikweza pa ntchito. Tinamuonetsa m'boma lonse kwa zaka zambiri. Ku Mlangeni chaka choyamba anthu anaseka poona a Jelemiya akudziguguda pamtima m'munda wa eni. Chaka chachitatu anasiya kuseka. Ana amene anabadwa pambuyo pake anakula akumuonera monga aonera china chilichonse chimene boma labweretsa. A Jelemiya tinawapatsa tepi yawoyawo ngati chithokozo.

2011

Zaka za pakatipa ndinakhala ku Dedza, ku Salima ndi ku Lilongwe, ndikujambula nkhokwe, mbuzi ndi misonkhano ya akuluakulu odula maliboni. Digiri yoyamba ndinaipeza pophunzira Loweruka ndi Lamlungu, inu mukundiseka kuti bambo akulemba homuweki. Kenako, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, mwayi unandigwera wokachita digiri yachiwiri ya zopanga kanema pa yunivesite ina ku Joni, zaka ziwiri, ntchito atandisungira. Amayi anu atamva anangoti, "A Ngozo, anzanu pa msinkhu wanuwu akuweta nkhumba." Koma anandilongedzera chikwama okha, ndipo anaikamo juzi ziwiri.

M'kalasi tinalimo khumi ndi awiri, enawo a msinkhu wa Tadala, onse akunditchula kuti Madala. Iwo ankadziwa makompyuta, ine ndinkadziwa kujambula dzuwa likuswa mtengo popanda wondigwirira kalikonse, ndiye tinkasinthana nzeru. Kumeneko ndinaona kwa nthawi yoyamba chipinda choonetsera kanema chenicheni, cha mipando yofewa ndi mdima wa masana, ndipo tsiku loyamba ndinalira mwakachetechete, osati chifukwa cha nkhani ya pachinsalu koma chifukwa filimu sinaduke mpaka kumapeto. Tinkaphunzira kulemba nkhani, kuyatsa magetsi a pojambulira, kutola mawu, kudula ndi kulumikiza zithunzi. Tinkaphunziranso kudzigulitsa kwa eni makampani. Zonse zinkaloza chinthu chimodzi: aliyense apange kanema wake womalizira maphunziro, ndipo pakutha pa chaka chachiwiri akuluakulu a makampani amabwera kudzaonera n'kusankha amene awalembe ntchito. Khomo linali limenelo, ndipo kwa munthu wa zaka zanga silikanatsegukanso kachiwiri. Ndikamayenda kupita kogona ndinkadziona ndili pa mpando wa wotsogolera kanema, anthu makumi asanu akudikira kuti ndikweze dzanja.

Wotiyang'anira anali Mayi Zondi, mayi wowonda wosakonda kuyamikira. Chimene ankatiphunzitsa kwambiri ndi kudikira. Ankati wojambula wosapsa amazimitsa kamera munthu akangotseka pakamwa, pamene zenizeni zimabwera pambuyo pake. Tsiku lina anati aliyense abweretse ntchito yake yakale, ndipo ine, modzitama, ndinabweretsa kanema wa akalozera uja. Anaonera mpaka kumapeto, anabweza, n'kuimitsa pamene a Jelemiya akukweza manja.

"A Ngozo, munthu uyu walankhula mphindi zisanu ndi imodzi," anatero, "koma mbewu zake sanaziyang'aneko ngakhale kamodzi. Kwathu mlimi amalankhula maso ali pa mbewu. Kwanu sizitero?"

Ndinayankha kuti bamboyo anali wamanyazi ndi kamera. Anandiyang'ana pang'ono, n'kuitana wotsatira. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chiyambire ntchito.

Januwale 2013

Mlandu suola. Ndikukonzekera kubwera kumudzi kudzajambula kanema wanga womalizira, wa nkhungu ndi maluwa uja, amene pakati pake ndinali ndisanapapezebe, amayi anu anandiimbira foni. Anati kunyumba kwabwera mayi wina dzina lake Agata, mwana wa a Damiano, wayenda kufunsa mpaka wapeza kwathu. A Jelemiya anamwalira zaka zitatu zapitazo. Mwana wawo Edisoni, amene anakulira ku Blantyre, wabwerera kumudzi ndipo akufuna munda wa bambo ake. Tepi ija anaisamutsira mu foni, akuonetsa aliyense bambo ake ali m'mundamo, khasu m'manja, akunena okha kuti munda wanga uno. Akuti boma silingajambule bodza. Ambiri amene anaona tsiku lojambula lija anamwalira kapena anasamuka, otsalawo sakufuna kulowerera za pachibale. A Damiano akati afotokoze, mawu amakanika, anthu n'kutopa. Akuluakulu a m'mudzi anaika tsiku loti nkhaniyi akaiweruzire m'munda momwemo. Munda umenewo ndi umene unkadyetsa a Damiano, Agata, ndi adzukulu anayi.

"Mawu amenewo analemba ndani?" anafunsa amayi anu.

"Ndine."

"Ndiye mukudziwa kolowera mukatsika basi."

Ndili m'basi, nzeru inandibwerera imene inandisangalatsa kuposa mmene inayenera. Ndinaona kuti kanema wanga wapeza pakati pake. Ndikapita kukaulula bodza langa, ndikajambule mlandu wonse, a Damiano alankhule okha m'munda wawo, ndipo ndisadule ngakhale chibwibwi chimodzi. Ndikanapha mbalame ziwiri, kukonza cholakwa changa ndi kugwetsa misozi ya eni makampani. Ndikulemba izi kuti mudziwe kuti sindinapite ku Mlangeni ndi mtima woyera wokhawokha.

Ndinafika dzulo lake la mlandu ndi kamera ya sukulu ndi mabatire awiri, ndipo ndinagona kwa Agata. A Damiano anali atakalamba, msana utapindika, koma manja anali omwe aja. Anandizindikira. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, kenako anauza mdzukulu kuti andiphere nkhuku. M'mawa ndinadzuka tambala atangolira kachiwiri n'kupita kumunda ndekha, batire limodzi lili mu kamera, linalo nditalisiya m'chikwama m'nyumba. Ana anga, nkhungu inalipo. Inadzaza chigwa chonse mpaka nsonga za mapiri a ku Mozambiki zinkaoneka ngati zikuyandama. Kenako inayamba kuyalula mzere ndi mzere, maluwa akutuluka, oyera ndi ofiirira, ndendende mmene ndinkawaonera pagalimoto ya a Kamwendo. Ndinajambula. Ndinajambula mame, ndinajambula njuchi yoyamba, ndinajambula utsi wa m'mudzi ukukwera mowongoka. Ndinaiwala mlandu, ndinaiwala njala, ndinaiwala kuti batire limatha. Ndinadzidzimuka anthu akufika ndi mipando. Ndinati ndithamangire kunyumba, koma kunali kutsidya kwa khwawa, ndipo amfumu, mayi wachikulire wa chimfine amene ankafuna kuweruza mvula isanagwe, anali atakhala kale pansi. Ndinadzinamiza kuti moto wotsalawo ukwana.

Edisoni anayamba. Sanali munthu woipa. Anali mnyamata waulemu, wovala malaya osita, ndipo ankakhulupirira zimene ankanena. Anayendetsa foni yake kwa akuluakulu onse, mawu a bambo ake akumveka m'munda monse. Kenako amfumu anandiitana ine. Ndinaimika kamera pa choimikira chake cha miyendo itatu n'kupita kutsogolo. Ndinafotokoza zonse: za tepi yochepa, za jekete, za pepala la m'kope langa.

"Ndiye mukuti bambo anga anali abodza?" Edisoni anafunsa.

"Iyayi, achimwene. Bambo anu ananena zimene ndinawauza kuti anene. Wabodza ndinali ine."

"Kanema ameneyu ndi yekhayo amene ndimawaonamo akuyenda, akulankhula," anatero. "Lero mukundilandanso ameneyu."

Wina mwa akuluakulu anati munthu amene wavomera yekha kuti ananama kale akhozanso kunama lero, ndiye mawu anga okha sakukwana. Amfumu anamina, n'kunena kuti a Nyoni afotokoze okha malire a munda ndi mmene anaupezera. Anthu anayamba kung'ung'udza, wina akuti tigona pompano, wina akuti Agata awalankhulire. Apo ndinabwerera ku kamera, ndinaika diso pa kagalasi koonera, ndinakweza dzanja n'kufuula monga tinkachitira kale: "Chete nonse, tikujambula! Wotsokomola amveka!"

Anthu akwathu amaopa kamera kuposa mmene aopera amfumu. Kunangoti zii. Ngakhale amfumu anagwira mphuno kuti asayetsemule. A Damiano anayang'ana mbatata yawo, anakweza dzanja, n'kuyamba: "Mu-mu-mu..." Khosi linatupa. Ndinaona milomo ya anthu atatu ikugwedezeka kufuna kuwamalizira, koma anayang'ana kamera n'kudzigwira. "Mu-munda uno," anatero a Damiano, ndipo anadabwa okha kuti afika kumapeto kwa liwu popanda wowalanda. Anapuma. Anapitiriza. Anati mundawo anawasiyira amayi awo chaka chimene mvula inagumula mlatho wa kumunsi. Analoza mkuyu wa kumtunda n'kutchula amene anaudulira nthambi poika malire. Liwu lililonse linkabwera movutikira ngati chitsa chozula ndi manja, koma linkabwera. M'kagalasi kaja nkhope yawo inadzaza chithunzi chonse, kumbuyo kuli maluwa, ndipo ndinadziwa kuti pa zaka zanga zonse sindinajambulepo chinthu chotere. Mtima unkandigunda ndi chimwemwe chadyera.

Pa mphindi yachinayi kachizindikiro ka batire kanayamba kuphethira. Ndisanameze malovu, chithunzi chinathima.

A Damiano anali pakati pa liwu. Batire lina linali m'chikwama kutsidya kwa khwawa, ulendo wa mphindi khumi kupita ndi kubwera kwa munthu wothamanga. Ndikanangokweza mutu n'kunena kuti, "Pepani, dikirani pang'ono," kanema wanga akanapulumuka, mwina. Koma ndinkawadziwa anthu anga. Ndikangochotsa diso pa kamera, wina atsokomola, wina aseka, wina anena kuti tamva kale, Agata amalize. Ndipo a Damiano, amene anadikira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kuti anthu akhale chete, sakanaupezanso mzere wa mawu awo. Ndinaganiza za chipinda cha mipando yofewa chija, za eni makampani, za inu ndi lonjezo langa la pa basi. Zonsezi zinadutsa m'mutu mwanga a Damiano akulimbana ndi liwu limodzi lomwelo. Ndinatsinzina diso la kumanzere mwamphamvu, ndinakanikiza la kumanja pa kagalasi kamdima, ndipo dzanja langa ndinalisiya m'mwamba.

Analankhula mphindi zina zisanu ndi ziwiri, Agata ndiye ankayang'ana wotchi. Ine ndinkangoona mdima, makutu okha ndi amene ankagwira ntchito. Nthawi zina ndinkapotoza kamera pang'ono ngati ndikuwatsatira, kuti anthu asakayike. Anatchula zigwembe zonse zisanu ndi kumene anatuta miyala ya chilichonse. Anatchula amene anawagaira vetiva woyamba. Anatchula pamene anakwirira mwana wawo wopita padera, pansi pa mwala wathyathyathya umene khasu silifikapo, ndipo ndinamva mayi wina akufwenthera kumbuyo kwanga, akunong'ona kuti iye analipo tsiku limenelo. Pomaliza anati Jelemiya anali m'bale wawo wokondedwa, ndipo jekete lija anamuveka ndi mtima umodzi. Atasiya, ndinadikirabe monga Mayi Zondi anatiphunzitsira. Kenako ndinatsitsa dzanja, lomwe linali litachita dzanzi mpaka paphewa.

Akuluakulu sanachedwe. Anapita kukaona mwala uja, anabwerako, ndipo amfumu anati munda ndi wa a Nyoni. Edisoni anaika foni m'thumba n'kuchoka osatsanzika. Ndinamva kuti pambuyo pake a Damiano anamugawira dimba kudambo, koma Edisoni sanandilankhulenso ine, ngakhale tinakumanapo kawiri pa Nsipe.

2024

Ku sukulu ndinabwerera ndi nkhungu ya ola lathunthu ndi mphindi zinayi za munthu wodukira pakati pa liwu. Ndinazilumikiza mmene ndikanathera. Mayi Zondi nditawauza zonse anati malamulo amawalola kupereka malikisi pa zimene zili pachinsalu zokha. Ndinakhoza mopendekera. Tsiku loonetsa, eni makampani anaonera mwaulemu, mmodzi anati maluwawo ndi okongola, ndipo anatenga anzanga asanu. Awiri mwa iwo mayina awo ndimawaona kumapeto kwa makanema amene Chisomo amanditumizira, ndipo ndimaimitsa kuti ndiwawerenge bwino. Kunena kuti sizindipweteka ndinganame. Ndinabwerera ku nkhokwe ndi maliboni, ndinagwira zaka zina zisanu ndi zinayi, ndinapuma, ndipo tsopano ndikuweta nkhumba.

Koma ndalumpha tsiku limodzi, lotsatira mlandu uja. Sindinagonje msanga, ana anga, musandiyese woyera mtima. M'mawa mwake ndinaika batire lodzaza mu kamera n'kuwatsatira a Damiano kumunda. Ndinawapeza akukwezera mizere. Ndinawauza zoona, kuti kamera inathima iwo asanafike pakati, kuti zambiri zimene ananena sizinalowe, ndi kuti tsogolo langa lonse lili pa mawu amenewo. Ndinawapempha kuti tibwereze, awiriwiri, popanda anthu, popanda changu, ndipo ndidikira ngakhale mpaka dzuwa kulowa. Pa ntchito yanga yonse panalibe amene anandikanirapo kubwereza. Ndinabwerezetsa nduna kudula liboni, ndinabwerezetsa ng'ombe kulowa m'dibi.

A Damiano anaimika khasu, anatsamira mpini, n'kundiyang'ana ndi maso ofatsa aja.

"Ndi-ndiye dzulo mu-munkayang'ana chiyani m'menemo?"

"Palibe, wawa. Munali mdima."

Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika m'makwinya. Atapuma, anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Ndinadikira, osawamalizira.

"A Ngozo," anatero, "za-zanu zija za Jelemiya ndi zi-zimene zimabwerezedwa. I-ine nda-ndanena kale."

Anatola khasu n'kupitiriza mzere wawo. Ndinaima pamenepo kanthawi ndi kamera yodzaza moto, kenako ndinaitsekera m'chikwama, ndinavula nsapato, n'kufunsa ngati pali khasu lina.